Bokosi la sukulu ya pakhomo lachikhristu lochokera ku America, mmene latiyendera ife a m'makwata a asilikali ku UK

Amayi anzanga amene amuna anu ali mu British Army, makamaka inu mwangofika kumene ndipo mwamva kuti ena akuphunzitsa ana awo pakhomo, ndati ndilembe zonse pamodzi chifukwa funso la bokosili, lomwe ndi mabuku ndi ndondomeko ya chaka chonse yophunzitsira mwana pakhomo, ndakhala ndikuyankha mmodzimmodzi pafoni mpaka zala kuwawa. Mwachidule bokosili ndi labwino kwa ana ang'onoang'ono, limasamuka nanu bwinobwino, Baibulo lilimo tsiku lililonse, koma analipangira mwana wa ku America ndipo palokha silingamufikitse mwana wanu ku GCSE, mayeso a kuno olemba ali ndi zaka 16. Atati ndipereke malikisi, kwa mwana wa pulaimale ndipereka 7 pa 10, koma akangodutsa zaka 11 ndikutsitsa mpaka 4 ndipo sindikuchita nkhanza ayi.

Dzina la kampani sinditchula. Ku America ogulitsa sukulu yachikhristu ya m'bokosi ndi ambiri, otchuka ndi monga Abeka ya ku Pensacola ku Florida, Sonlight, BJU Press ndi ACE, ife yathu si iliyonse mwa amenewa, ndi kakampani kakang'ono komwe anatilozera mayi wina wa ku tchalitchi, nde zomwe ndikudandaula panozi musakazipachike pa enawo. Koma mafunso oti mufunse musanalipire ndi omwewo kulikonse komwe mungagule.

Ife chinatikankha ndi kusamukasamuka. Amene muli m'moyo umenewu mukudziwa, zaka ziwiri kapena zitatu posting, yokusamutsani kupita kukampu ina, yabwera, pena zisanakwane n'komwe, ndipo posting siyang'ana kalendala ya sukulu, akati March ndi March basi. Tinachoka ku Catterick kupita ku Tidworth pakati pa chaka, mwana wanga woyamba anapeza anzake akuyamba kumene za Aroma zomwe iye anali atamaliza kumpoto kuja, pomwe ma fraction anzakewo anali atadutsa kale iye asanawaone. Za Aroma kawiri, ma fraction ziii. Masukulu a kuno sindikuwanyoza, amayesetsa, ndipo malamulo opezera ana malo amatikomera ndithu ife a usilikali, ukhoza kupempha malo ndi kalata ya posting usanafike, komanso olo kalasi ya ana ang'ono itakwana 30 mwana wa msilikali akhoza kulowabe. Koma mwana kumangokhala mlendo m'kalasi nthawi zonse, kulira m'mawa uliwonse povala nsapato, zinatikwana.

China ndi chikhulupiriro. Ine ndi bambo a kunyumba tonse tinakulira mu CCAP, sukulu zomwe tinaphunzira tsiku limayamba ndi asembule, nyimbo, pemphero, kenako Bible Knowledge m'kalasi. Kuno ku England lamulo lilipo loti sukulu za boma zizikhala ndi mapemphero tsiku lililonse komanso RE, phunziro la zipembedzo, ndipo sukulu za Church of England ndi za Katolika zilipo zambiri, koma ukafika pakati pa chaka sumasankha kwenikweni, umalowa komwe kuli mpando. Bambowo ndi amene ankakonda kutchula Deuteronomo 6, zoti mawu a Mulungu uziphunzitsa ana ako pokhala pansi m'nyumba, poyenda panjira, pogona ndi pouka, ine ndimawaseka kuti vesi mwasankha ndinu koma wokhala pansi m'nyumbamo ndine, inu muli ku exercise ku Salisbury Plain.

Za malamulo mwachangu, poti ambiri amaopa kuti apolisi agogoda. Ku England ndi zololedwa. Education Act ya 1996, gawo 7, imati kholo lionetsetse kuti mwana akulandira maphunziro oyenera msinkhu wake, kaya kusukulu kaya mwanjira ina. Mwana akakhala pa sukulu wamba umalemba kalata kwa ahedi kuti amuchotse m'kaundula, sukupempha chilolezo, ukungowadziwitsa. Khonsolo ikhoza kukulemberani kufunsa mmene mukuphunzitsira, ife tinawatumizira kalipoti kakafupi ndi zithunzi za ntchito ya ana nkhani inathera pompo. National Curriculum simukakamizidwa kuitsata ndipo ma SATs, mayeso a Year 6 omalizira pulaimale, ana a pakhomo salemba. Ku Scotland ndi zina, kumeneko kumuchotsa mwana pa sukulu ya boma mpaka khonsolo ivomere, nde ngati posting ikuloza ku Edinburgh, Leuchars kapena Kinloss dziwiranitu. Kunja kwa UK kuli malamulo a eni dziko, ku Germany mwachitsanzo lamulo lawo sililola sukulu ya pakhomo, choncho musanavomere zopita kunja lankhulani ndi a Defence Children Services, komanso a Army Families Federation ali ndi anthu oona za maphunziro ndi ena oona za ife a Commonwealth. Safunsa anadya phula. Muzitsatiranso nkhani chifukwa mu December 2024 boma linabweretsa bilu yofuna kaundula wa ana onse omwe sali pasukulu.

Tsopano bokosilo. Kwenikweni ndi makatoni awiri olemera moti wobweretsa katundu anangowasiya pakhomo nkuthawa. Mkatimo muli chibuku cha mphunzitsi, ndiye mwini zonse ameneyo, chagawidwa masabata 36 ndipo tsamba lililonse ndi sabata imodzi, Lolemba mpaka Lachisanu, ndi timabokosi toti uzichonga ukamaliza. Chimakuuza chilichonse, werengani chaputala chakuti, funsani mafunso awa, mayankho ndi awa, vesi ya sabata ino ndi iyi. Kenako mabuku owerenga ambirimbiri, mabuku olembamo masamu, chizungu ndi kalembedwe, makadi a ma times table, mapu aakulu opinda, ndi kathumba ka sayansi komwe muli maginito, galasi lokulitsa zinthu, timawaya, babu ndi nyemba zodzala m'kapu. Mapepala ndi olimba, mabuku owerengawo adutsa m'manja mwa ana awiri ndipo akadali moyo kupatula limodzi lomwe kamzime kanalithira phala.

Mtengo ndi pomwe mutu umayamba kuwawa. Pa webusaiti umaona madola nkumati aaa si zambiri, ukafika pa shipping ndi pomwe umakhala tsonga, mabuku ndi olemera abale. Ndiye mabuku kuno alibe VAT koma kathumba ka sayansi ndi tina tosakhala mabuku amalipiritsa, ndipo katundu akapitirira £135 msonkho umatengedwa akamalowa m'dziko, nde kampani yonyamula katundu inatitumizira meseji kuti tilipire kaye kuphatikiza kandalama kawo ka handling apo ayi makatoni sabwera. Zonse pamodzi chaka choyamba zinayandikira £700 kwa mwana mmodzi. Boma silikupatsani olo 1p. Service Pupil Premium ija ya ana a asilikali, yopitirira £300 pa mwana pachaka, imapita ku sukulu ya boma komwe mwana ali osati m'thumba mwanu, mwana akakhala pakhomo ndalamayo palibe. CEA, ndalama yomwe usilikali umathandizira nayo fizi ya ana, ndi ya boarding, kuyambira zaka 8. Ndipo mtengo weniweni si wa bokosi, ndi malipiro anu omwe simulandira chifukwa muli pa tebulo ndi ana, nyumba yonse pa salale imodzi, pomwe tikusunganso za ILR, chilolezo chokhazikika kuno, zomwe mu 2025 zinali pafupifupi £3,000 munthu mmodzi, kumudzi akudikira za feteleza ndi fizi ya mwana wa achimwene. Izi kambiranani ndi bambo ndi pepala ndi bolopeni musanatengeke ndi zithunzi zokongola za ana akumwetulira pa katalogu.

Pomwe bokosili limawina ndi pa kusamuka, apa ndiliyamikire ndi mtima wonse. Posting ina itabwera ana sanamve n'komwe kuti sukulu yasokonekera. Anthu olongedza katundu ndinawauza kuti katoni iyi yokha musaikhudze, inalowa m'galimoto mwathu pamodzi ndi ketulo, mapoto ndi ufa. Sabata ya march out, yobweza kwata kwa eni ake, ija mumakwecha uvuni mpaka manja kusupuka kuopa kulipitsidwa, tinatseka sukulu. Titalowa kwata yatsopano makatoni ali mbwee paliponse, makatani tisanapachike, tinatsegula chibuku chija pomwe tinalekera mwana nkupitiriza masamu ake atagona chafufumimba pa kapeti. Palibe kudikira malo, palibe kugulanso yunifolomu ya mtundu wina, palibe kukafotokozera aphunzitsi atsopano kuti uyu amachita manyazi koma amadziwa. Komanso intaneti imachedwa kulumikizidwa ukalowa nyumba yatsopano, ubwino wa mapepala unaonekera pamenepo, mnzanga wina yemwe ana ake amaphunzira ndi mavidiyo anamaliza data yonse ya pafoni sabata isanathe.

Kalendala nayo ndi yanu. Bambo akabwera ku tour ali ndi livi yawo ija, timatseka mabuku osapempha munthu. Kusukulu ahedi ambiri amamvetsa za asilikali koma mpaka upemphe, ndipo kujombetsa mwana popanda chilolezo ku England ndi faini ya £80 kholo lililonse pa mwana aliyense, ukachedwa kulipira £160. Kumudzi timapita May kapena June matikiti asanakwere, osati August kapena December pomwe aliyense akuthamangira ndege zodzera ku Addis ndi Nairobi, ndipo kukagwa zovuta mwadzidzidzi umangonyamula ana ndi mabuku ochepa m'chikwama basi.

Nthawi yomwe bambo anali ku Estonia, ku Tapa, miyezi sikisi ija, ndi pomwe ndinaona mbali zonse ziwiri. Vesi ya sabata inatithandiza kwambiri, Lachisanu madzulo akaimba pa vidiyo ana amaima kutsogolo kwa foni kulakatula, iwo ali ndi kabaibulo kawo kakang'ono kumatsatira mwausajeni, wina akadumpha liwu bwerezanso. Tsamba la masamu ndinkawajambulira pa WhatsApp iwo nkuchonga usiku, m'mawa mwana akudzuka akupeza voisi ya adadi yoti nambala 4 wonanso bwino. Nyengo yozizira nthawi ya ku Estonia imafanana ndi ya ku Malawi, maola awiri kutsogolo kwa kuno, nde ana anazolowera kuti wotchi ya adadi ndi ya agogo ndi imodzi, jogalafe yaulere imeneyo. Salimo 91 ndi 121 analoweza nthawi yomweyo, izi sizinali m'buku, ndi zomwe tinkapempherera adadi pogona.

Koma otsatsa malondawa amati ungotsegula nkuyamba, kukonzekera kulibe. Mwina kwa mayi yemwe ali ndi amayi ake pafupi ndi mwamuna wobwera 5 koloko tsiku lililonse. Ine ndinali mphunzitsi, wophika, nesi, dalaivala ndi mlonda, khanda kumsana, wina akufuna ndimuwerengere chaputala mokweza kwa mphindi 40, wina akulira ndi long division, kunja mdima 4 koloko mvula ili waa. Timabokosi tochonga tija timasanduka mlandu, Lachitatu lafika iwe ukadali pa Lolemba, usiku ukuyang'ana tsamba lopanda chongi nkumadziona wolephera pamaso pa Mulungu ndi pa anthu. Chibukucho sichinena paliponse kuti zina ukhoza kudumpha. Ndikukuuzani ine, dumphani. Ntchito yomwe anaika pa tsiku ndi yambiri mwadala kuti ogula aone kuti ndalama yawo yagwira ntchito, mwana wa zaka 7 maola awiri kapena atatu m'mawa akwana.

Mbali ya Baibulo, yomwe ndi imene tinagulira, ndi yabwino koma muziwerenga inu kaye musanawerengere mwana. Ndondomeko yake ndi yokoma, chaka chimodzi mumayenda kuchokera ku Genesis mpaka kulowa m'Kenani, chaka china mafumu ndi aneneri, kenako Uthenga Wabwino ndi Machitidwe, mwana wa zaka 8 kumadziwa kuti Nehemiya anabwera pambuyo pa Davide, osati nkhani zongotolatola lero Yona mawa Zakeyu. Mavesi oloweza ali m'chizungu chakale cha King James, wa zaka 6 amangolakatula osamva kanthu, ife tinasintha nkumagwiritsa Baibulo la chizungu chophweka ndipo madzulo vesi yomweyo timaiwerenga mu Buku Lopatulika kuti Chichewa chisathawe pakhomo.

Chiphunzitso ndi cha mpingo wa eni ake ndipo sabisa. Phunziro la ubatizo linanena motsindika kuti ubatizo weniweni ndi wa munthu wozindikira womizidwa m'madzi, mwana wanga yemwe anabatizidwa ali khanda ku Zomba anandiyang'ana nkufunsa kuti amama ndiye wanga uja sunagwire? Tinakhala pansi kukambirana, Lamulungu tinakafunsanso a padre, abusa a asilikali, ku tchalitchi cha pa garrison omwe anamufotokozera modekha kuti mipingo imasiyana pati ndipo chifukwa chiyani, zinatha bwino, koma akanakhala kuti anawerenga yekha ine ndili kochapa bwenzi akungoyenda nalo funso limenelo mumtima. Anzanga a Katolika machaputala a Luther akuwawani, a Seventh Day nanunso nkhani ya Sabata mudzakumana nayo. Funsani chikalata cha zomwe kampani imakhulupirira musanalipire, ambiri amachiika pa webusaiti pawo.

Chomwe chinandidabwitsa kwambiri ndi mmene Mulungu ndi mbendera ya America zalukirana m'mabukumu. Mbiri yonse ya zaka zoyambirira ndi America yokhayokha, a Pilgrim ndi Mayflower mu 1620, Thanksgiving, George Washington, ma state 50 ndi malikulu ake oti mwana aloweze, ndipo kamvekedwe kake ndi koti dziko limenelo Mulungu analisankha mwapadera kuposa ena onse. Tsopano taganizani, nyumba ya msilikali wa Britain, yunifolomu ili pa hang'ala pakolido, buku likufotokoza za Boston ndi 1776 momwe asilikali a Britain ovala makhoti ofiira, ma redcoat, ndiwo anthu oipa a nkhaniyo, opondereza. Wachiwiri wanga anadikira bambo ake abwere kuntchito, asanavule n'komwe jombo, adadi kodi inuyo ndinu a redcoat? Bambowo anaseka mpaka kukhala pansi pa sitepe, atamaliza kuseka anati koma mabuku awa tiwaonenso bwino. Nthawi imeneyo tili ku Tidworth, Stonehenge ili pafupi pomwepa, mwana kumadziwa likulu la Nebraska koma 1066 osaidziwa, Henry VIII osamudziwa, ndipo Remembrance Sunday yomwe bambo ake amaguba November aliyense m'bukumo mulibe.

Africa ndiye musanene. Imangotulukira pamene mmishonale akupitako, zithunzi ndi tinyumba taudzu ndi anthu opanda mayina. Livingstone ali ndi buku lake lonse, chabwino, ifenso timamulemekeza, Blantyre yathu dzina inatenga kwawo ku Scotland komwe anabadwira mu 1813. Koma Susi ndi Chuma, omwe iye atamwalira kwa Chitambo mu 1873 ananyamula thupi lake miyezi yambiri wapansi mpaka ku Bagamoyo kunyanja yamchere, anangowatchula kuti antchito ake okhulupirika, mzere umodzi basi. John Chilembwe mulibe, chonsecho ubusa anakaphunzira ku Lynchburg ku Virginia kwawo komweko asanabwerere kudzayambitsa PIM ku Mbombwe. Za King's African Rifles, agogo athu omwe anamenya nkhondo mpaka ku Burma, izi ndinachita kuwonjezera ndekha, titapita kumudzi tinakaima pa chipilala cha KAR ku Zomba bambo ake nkumawafotokozera, ndipo kwa mwana wa msilikali wachimalawi mu British Army nkhani imeneyi ndi yake kuposa ya Washington. Bokosili lili ngati suti ya pa kaunjika, nsalu yapamwamba koma inasokedwera munthu wina, osapita nayo kwa telala muziyenda mukukwinya manja.

Masamu ndi amphamvu, apa sindinama. Amabwereza chinthu mpaka chikhazikike, zofanana ndi momwe tinaphunzirira ife kalelo, ma times table mpaka 12 wanga anawagwira msanga kuposa anzake a pa patch, pamakwata athu pano, omwe amayesedwa zimenezi mu Year 4. Vuto ndi ndalama ndi miyeso. Masamba ambirimbiri a quarter, dime ndi nickel kwa mwana yemwe m'thumba mwake muli 50p ndi 20p, ma inch, ma gallon, ma ounce, kutentha mu Fahrenheit, pomwe mayeso a kuno kwambiri ndi masentimita, malita ndi Celsius. Ndinagula timabuku ta CGP totchipa tija ndi mapepala a White Rose, zonse zotsata silabasi ya kuno, kuti nditseke mabowo, ndalama zinanso. Kuwerenga ndi galamala zili bwino kwambiri, ana anakonda mabuku mpaka kubisala nawo m'bulangeti ndi tochi, koma sipelo ndi yachimerika ndipo deti amayamba ndi mwezi, nde ndimayenda ndi bolopeni yofiira kukonza buku lomwe ndinalipira ndalama zankhaninkhani. Olo mapepala oti upulinte ndi a saizi ya Letter osati A4, ukapanda kuchepetsa pulinta imadula m'mbali. Ndipo poitanitsa dziwani kuti Grade 3 yawo ndi Year 4 ya kuno.

Sayansi ndi pomwe banja lililonse liyenera kukambirana palokha. Mabukuwa amaphunzitsa kuti dziko linalengedwa masiku sikisi enieni zaka masauzande ochepa zapitazo, ndipo evolution amangoitchula poitsutsa. Ife timakhulupirira kuti Mlengi ndi Mulungu, pamenepo palibe zokambirana, koma pepala la GCSE Biology lidzafunsa za Darwin, natural selection ndi ma fossil ndipo wochonga sadzafunsa kuti mumapemphera kuti. Mwana ayenera kuzidziwa bwinobwino mmene asayansiwo amazifotokozera, osati mongozinyodola. Zoyesera nazonso ndi zochepa, nyemba kumera m'kapu ndi babu kuyaka zimakoma ali ndi zaka 7, wa zaka 12 akufunika zoposa pamenepo.

Mayeso ndi amene anditsitsira malikisi. Njira ya bokosili imathera ku high school diploma ya ku America, kholo kulemba lokha magiredi a mwana, zomwe kwawoko zimayenda. Kuno sixth form, zaka ziwiri za pambuyo pa GCSE, koleji, apprenticeship, olo ntchito wamba, funso loyamba ndi GCSE English ndi Maths giredi 4 kupita m'mwamba. Mwana wa pakhomo amalemba ngati private candidate, malo olembera kusaka nokha, kulipira nokha, kawirikawiri kupitirira £150 phunziro limodzi, ndipo ambiri amasankha IGCSE, GCSE ya international, ya Cambridge kapena Pearson Edexcel chifukwa maphunziro ambiri ukhoza kulemba popanda coursework yofuna kusainidwa ndi sukulu. Tsopano onjezani usilikali pamenepo, mwalembetsa malo mu January, posting ndi ya April, mayeso ndi May ndi June, mwaiona nkhaniyo. Nditawalembera a kampani kufunsa ngati mabuku awo akugwirizana ndi silabasi ya IGCSE anayankha mwaulemu kwambiri, vesi pansi pa imelo, koma zinaonekeratu kuti GCSE sakuidziwa n'komwe. Ulemu wokha ali nawo ndithu, buku lina litasowa m'katoni anatumiza lina osatilipiritsa, kungoti amayankha kuno kuli usiku. Makoleji ena ku England amalandira ana a pakhomo a zaka 14 mpaka 16 kuti aphunzire English ndi Maths kwaulere, fufuzani m'dera lomwe muli.

Pali funso la apongozi, loti nanga ana azicheza ndi ndani. Iwo anafunsa mwaukali pafoni, ana ali ku Ulaya komwe anthu akulirira sukulu zake inu nkuwatsekera m'nyumba, mwalowa mpingo wanji? Bokosi silibwera ndi anzake a mwana, imeneyo ndi ntchito yanu. Mwayi wathu pa patch ana ndi ambiri, 3 koloko ikangodutsa panja pali phokoso ndi njinga, kuli magulu a skauti a Beavers, Cubs ndi Brownies, kusambira, makalabu a Army Welfare Service, Sande sukulu, ndi magulu a home ed, a makolo ophunzitsa ana pakhomo, omwe amakumana ku laibulale kapena ku paki mkati mwa sabata. Maguluwa ambiri si achikhristu, muli anthu a maganizo osiyanasiyana, ena safuna olo kumva za buku lolembamo, koma ndi anthu abwino ndipo ndi amene amadziwa malo olembera mayeso otchipa. Mukangofika malo atsopano pitani ku HIVE, ofesi yodziwitsa mabanja a asilikali za m'deralo, akakuuzeni zomwe zilipo. A Reading Force amatumiza mabuku aulere kwa mabanja a asilikali, a Little Troopers ali ndi zinthu zothandiza ana nthawi yomwe kholo lili kutali. Wosungulumwa kwenikweni ndi mayi, anzako amadziwana pa geti ya sukulu iwe kulibeko, tsiku lonse kulankhula ndi anthu osapitirira zaka 10, nde kagulu ka mapemphero ka amayi kapena kwaya musakasiye olo mutatopa bwanji.

Ndiye kugula kapena ayi? Ngati ana anu ali pakati pa zaka 5 ndi 10, posting zikubwera pafupipafupi, ndipo mmodzi wa inu akhoza kukhala pakhomo nyumba osagwa, gulani, koma osagula bokosi lonse. Pemphani masabata a sampulo aulere muyese ndi mwana kaye, ndipo alembe kamayeso kawo koona giredi yoti ayambire. Ife chaka chino taitanitsa Baibulo, mabuku owerenga ndi galamala basi, masamu ndi sayansi tikutenga za kuno, BBC Bitesize ndi Oak National Academy za pa intaneti ndi zaulere, mbiri ndikusonkhanitsa ndekha ya Britain ndi ya Malawi. Mabuku osalembamo sakani akale pa eBay kapena m'magulu a Facebook a home ed, mabanja a asilikali a ku America omwe ali ku Lakenheath ndi Mildenhall amagulitsa motchipa akamabwerera kwawo ndipo za shipping ya kunja ndi msonkho palibe. Wamkuluyu akamafika Year 9, cha pa zaka 13, tagwirizana kuti bokosi lithe, kaya alowe sukulu kaya ayambe IGCSE pakhomo, bambo ake akukokera ku boarding poti CEA ilipo, ine sindinavomere ndipo nkhaniyo sinathe.